Dzanja Limene Amuna Anga Sanalikwezepo

1

Mpaka lero sindigula majumbo akuda otayiramo zinyalala. Ndikangomva phokoso lake, lija la tswatswatswa, ndimatembenuka n'kuchokapo. Anzanga a kutchalitchi amati ndi ukalamba. Asiyeni azinena, pakamwa ndi pawo.

Dzina langa ndine Lavonne Tesdahl, wa ku Brennock, ku Iowa. Kwathu kuno chimanga chikangolowa m'nkhokwe, chisanu n'kuyamba kuluma, anthu sakamba china koma masewero ogwetsana a anyamata a kusekondale. Amuna anga, a Orrin, anakulira pa mphasa yogwetsiranapo. Makutu awo anali opindikapindika ngati bowa wouma, ndipo ankawanyadira. Anali kochi wa sukulu yathu kwa zaka zambiri, pambuyo pake anakhala woimbira masewero. Ine ntchito yanga inali yogulitsa khofi ndi masoseji pakhomo la holo.

Chimene chinawasiyitsa ukochi ndi Kirby, mwana wathu mmodzi yekhayo.

Anyamata amagwetsana malinga ndi kulemera kwawo. Ukapyola pa sikelo, ngakhale ndi kachidutswa ka paundi, sulowa pa mphasa. Ndiye nyengo yonse ya masewero Kirby ankakhala pa tebulo mbale ili mbee, n'kumangonunkhiza nyama ya nkhumba imene ife tinkadya.

"Musandimvere chisoni, amayi," ankatero uku akuseka. "Fungo silikwera pa sikelo."

Bambo ake anali ndi malamulo. Palibe maswiti, palibe kugona mochedwa, palibe chibwenzi. Ankati mtsikana amafooketsa mawondo.

Ali m'chaka chake chomaliza kusekondale, m'mawa wa tsiku la mpikisano waukulu, Kirby anapezeka atagwa m'chipinda cha ng'anjo yotenthetsera sukulu. Anali atavala majumbo akuda mkati mwa majuzi kuti thukuta lichoke, thupi lipepuke, chingwe chodumphira chili m'manja. Mtima unali utaima. A Orrin anandiuza kuti mwanayo anazemba yekha, iwo ali panja kuona basi ya timu. Ndinakhulupirira. Ndikanakayika bwanji munthu amene analira mpaka mawu kutha?

2

Zaka zinapita. Nyumba yathu inali zii, koma tinkakhala. A Orrin anatchuka dera lonse kuti ndi woimbira wosakondera. Munthu wamkulu imvi mbuu, koma ankagwa chafufumimba pa mphasa kuti aone ngati mapewa a mwana agunda pansi, kenako n'kudzuka kukweza dzanja la wopambana. Manja amene anakweza ndi osawerengeka. Ena mwa anyamatawo lero ali ndi zidzukulu.

Anali ndi mwambi wawo: "Woimbira saimbira magazi ake." Ngakhale mwana wa msuweni wawo akaitanidwa, ankavula wezulo m'khosi n'kupatsa mnzawo. Aliyense ankadziwa zimenezo ndipo ankawalemekeza nazo.

Kenako kunabwera mnyamata wa ku Tilden Falls, tawuni ya kutali ndithu ndi kwathu. Dzina lake Trent Kolar.

Tsiku loyamba sindinalabadire. Dzina litangotchulidwa, a Orrin anavula wezulo n'kukodola mnzawo wa pa mphasa ina kuti asinthane. Ndinati mwina akufuna kukataya madzi. Sabata ina, chimodzimodzi. Pofika kumapeto kwa nyengo, Maxine, mnzanga amene ndinkagulitsa naye khofi, anandigunda ndi chigongono.

"Iwe Lavonne, mwana wa Kolar uja anawalakwira chiyani amuna ako?"

"Palibe. M'mimba mwawo simuli bwino masiku ano."

"Ee? M'mimba mwawomo mumadziwa kuwerenga mayina?"

"Tembenuza masosejiwo akupserera."

"Ndikutembenuza. Koma iwe ukapeza mpata umuyang'anitsitse mwanayo pachibwano."

Ndinapeza mpata. Ndinaima pakhomo, thaulo lili m'manja, mnyamatayo akuvula chipewa chotetezera makutu. Chibwano chogawanika pakati, phewa lamanzere lotsika pang'ono, kayendedwe kotsogoza mutu ngati akukankha chitseko. Ndinali nditakhala ndi chibwano chimenecho pa tebulo limodzi moyo wanga wonse.

Ndinafunsafunsa mwakachetechete, ndipo ndinamva kuti Kolar si bambo wake womubereka, anangokwatira mayi ake mwana ali kale pamsana. Ndinawerengera zaka. Mwanayo anabadwa m'chaka chimene ine ndinkagona ndi juzi ya Kirby pamtsamiro, chaka chimene a Orrin ankatenga galimoto Lamlungu masana n'kunena kuti akukapitidwa mphepo.

Abale inu! Ine ndili pamaliro, mwamuna wanga ali kwa mkazi wina.

3

Ndinawafunsa Lachisanu masana, akupukuta nsapato zawo zakuda zoimbira nazo.

"Orrin, Trent Kolar ndi ndani wanu?"

Burashi inaima. "Ndi mnyamata wa ku Tilden Falls. Ali ndi miyendo yabwino."

"Sindinafunse za miyendo."

"Lavonne, chikwatirire iwe sindinagonepo kunja."

"Chabwino. Ndiye mawa mumuimbire."

"Sindingathe."

"Chifukwa?"

Anayang'ana nsapato nthawi yaitali. "Ndinalonjeza munthu," anatero.

"Munthu wake ndi mayi ake?"

Anayambiranso kupukuta nsapato. Kwa ine yankho linali lomwelo. Ndinatenga zovala zanga n'kusamukira kuchipinda cha Kirby, ndipo sanandiletse. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chimenecho, kuti sanayese n'komwe kundinamiza bodza labwino.

Kubanja sindinachoke. Ndikanapita kuti, mkazi wa a Orrin Tesdahl, tawuni yonse ikutiyang'ana? Ndinkawaphikira, ndinkawasitira malaya awo amizeremizere, Loweruka n'kukwera nawo galimoto imodzi osalankhulana. Tinakhala choncho nyengo zitatu za masewero.

Mayi wa mwanayo ndinamudziwa. Ankakhala pamwamba penipeni pa mabenchi, mkazi wochepa thupi, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri. Azimayi ena ankakuwa mpaka kusasa mawu, koma iye ayi, ankangotseka pakamwa ndi manja onse awiri mpaka mpikisano utatha. Ndinkadana naye moti ndikamuona khofi ankandiwawa.

Tsiku lina anabwera kudzagula. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi Tesdahl," anatero.

"Shuga ali apo," ndinamuyankha, n'kutembenukira wina.

Koma mwanayo ndinalephera kudana naye, ndipo zimenezi zinkandikwiyitsa. Sankagula kanthu. Ankangobwera n'kuima pafupi ndi chiwaya, maso ali phii, akukoka mpweya.

"Iwe, ukutchinga makasitomala," Maxine anamuuza tsiku lina. "Ugula kapena ukupemphera?"

"Ndikungonunkhiza, amayi. Kununkhiza n'kwaulere, eti?"

Ndinataya khofi wotentha pa dzanja langa osamva kuwawa. Ndinadziuza kuti anyamata onse anjala amalankhula chimodzimodzi.

4

M'chaka chomaliza cha Trent, mpikisano wa dera unabwera pa sukulu yathu ya Brennock. Opambana ankapita ku Des Moines, likulu la Iowa, kumene akuluakulu a makoleji amabwera kudzasankha anyamata. Trent anali asanagonjepo chaka chimenecho. Tinamva kuti kochi wake wamutsitsira m'gulu la opepukirapo kuti akatenge chikho mosavuta.

Tinalawirira m'mawa, sikelo isanatsegulidwe, chifukwa ine ndinkafuna kuteleka madzi. Mphika waukulu wa khofi unali m'kachipinda kosungiramo katundu, kumapeto kwa khonde la pansi, moyandikana ndi chipinda cha ng'anjo. Chimwalirire Kirby a Orrin anali asanapondepo khonde limenelo. Ankazungulira panja, ngakhale chipale chofewa chifike m'mawondo. Koma tsikulo Maxine anachedwa, mphika unali wolemera, ndiye ananditsatira.

Tili pakati pa khonde tinamva. Tswa, tswa, tswa, ndi chingwe chikumenya simenti.

Mundimvetse. Nthawi imeneyo lamulo linali litaletsa kale majumbo, ndipo wogwidwa ankachotsedwa mumpikisano pompo. Koma oimbira anali ndi kachitidwe kawo. Akamadutsa pafupi ndi chipinda chotentha m'mawa wa sikelo, ankatsokomola mokweza, kawiri katatu, n'kumayenda pang'onopang'ono kuti mwana apeze mpata wovula n'kubisa. Palibe ankafuna kukhala munthu wophera mwana tsogolo. Aliyense ankatsokomola.

Ndinayang'ana a Orrin, kudikira chifuwa. Nkhope yawo inali itatuwa ngati phulusa. Sanatsokomole. Anayenda monyang'ama n'kukankha chitseko.

Mpweya wotentha unatiwomba kumaso. Trent anali pakati pa chipinda, majuzi awiri, chipewa kumutu, majumbo akuda akusuzumira m'khosi ndi m'mikono. Milomo inali yoyera, yong'aluka. Maso analowa m'kati, ndipo thukuta linali litasiya kutuluka. Anayesa kuima mowongoka koma anadzandira n'kugwira paipi.

"Vula," a Orrin anatero.

"Bambo Tesdahl, chonde. Kwangotsala theka la paundi."

"Vula."

"Simunandione. Ingotulukani, mutsokomole, mubwerenso. Onse amatero."

"Ndakuona. Lero sulowa pa mphasa."

Mwana anagwada pa simenti. Analira, koma misozi sinatuluke, munalibe madzi m'thupi. Anatchula koleji, anatchula mayi ake, anatchula zaka zonse zimene anagona ndi njala. A Orrin anagwada naye, n'kuyamba kung'amba majumbowo ndi manja.

"Lavonne, madzi," anatero osatembenuka. "Thamanga."

Ndinathamanga. Mwana wa mkazi mnzanga, koma ndinathamanga.

5

Pamene ndinkabwerera khonde linali litadzaza. Kochi wa ku Tilden Falls ankakalipa, akuloza a Orrin chala m'maso.

"Zaka zonsezi mumamuthawa mwanayu ngati ali ndi mphere, lero ndiye mwamuona? Mukufuna mnyamata wa ku Brennock adutse, eti?"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Kenako anapatuka, mayi wa Trent n'kudutsa pakati. Anaona mwana wake atatsamira khoma, anaona zidutswa za majumbo pansi, n'kugwira pakamwa monga ankachitira pa benchi. Atachotsa manja anayang'ana amuna anga.

"Munalonjeza kuti simudzamukhudza," anatero motsitsa.

Apa m'pamene mtima unandikwera. Zimene ndinameza nyengo zitatu zinatuluka zonse, pamaso pa makochi, makolo ndi ana a sukulu.

"Anakulonjeza ali pabedi lako? Mayi iwe ulibe manyazi. Ine ndikulira mwana wanga, iwe uli kalikiliki kundibera mwamuna. Tenga mwana wako wachigololoyo uzipita."

Mkaziyo sanakwiye. Anandiyang'ana mwachisoni, ndipo chisonicho chinandiopsa kuposa mbama.

"Mayi Tesdahl, amuna anu sanandikhudzepo ngakhale chala. Ine ndine Renae. Pamaliro ndinaima kumbuyo, simunandione. Bambo wa Trent agona kuseri kwa tchalitchi chanu, ndipo maluwa amene mumawapeza pamanda paja chaka ndi chaka ndi anga."

Kapu ya madzi inandipulumuka. Kirby wanga, amene ndinkati sadziwa mtsikana. Ndinayang'ana chibwano chija. N'zoona chinali cha a Orrin, koma chinadzera mwa mwana wanga, ndipo ine ndi maso anga awiriwa ndinakana kuona.

"Orrin," ndinatero, "munkadziwa kuti ndili ndi mdzukulu?"

"Ndinkadziwa."

"Zaka zonsezi?"

"Mtsikanayu anandiuza maliro atangotha. Lamlungu lija ndinkapita kukamupempha kuti abwere kwathu. Anakana."

"Auzeni chifukwa chake," Renae anatero. "Kapena ndinene ine?"

A Orrin anaweramitsa mutu.

"M'mawa umene uja ndinali panja, pa kazenera ako," anatero Renae, akuloza kazenera ka m'mwamba m'chipinda cha ng'anjo. "Ndinali ndi malalanje m'thumba, kuti Kirby akatsika pa sikelo adye. Sanali yekha muno. Ndinamumva akuti, 'Ababa, ndikuona mdima.' Afunseni amuna anu anamuyankha chiyani."

Sindinafunse. Koma a Orrin anadzutsa mutu n'kuyankha, mawu awo omwe aja olengezera wopambana.

"Ndinati, 'Dumphabe, kwatsala pang'ono.' Kenako ndinatseka chitseko kuti kutentha kusatuluke, n'kupita kukaona basi."

Pangano lawo linali lotere: Renae sadzauza munthu zimene anamva, a Orrin sadzayandikira mwanayo ndipo sadzauza aliyense. Ankadziwa kuti akandiuza za mdzukulu, tsiku lomwelo ndikagogoda pakhomo pa Renae, ndipo ndikamva zonse. Anasankha kuti ndiziwayesa wachigololo kusiyana n'kuti ndidziwe za chitseko chija.

Trent anali akumva zonsezi ali pansi. Anadzuka movutika, n'kuyang'ana mayi ake, kenako a Orrin.

"Ndiye mwandilanda chikho kuti inu mugone tulo?" anatero.



6

A Orrin sanaimbirenso. Kuno munthu akamapuma pa masewerowa amavula nsapato n'kuzisiya pakati pa mphasa, holo yonse itaimirira ikuwomba m'manja. Iwo anapita okha Lolemba masana, holo ili yopanda munthu, n'kuzisiya. Wosesa anazitola n'kukaziponya m'bokosi la zinthu zotayika.

Sindinabwerere kuchipinda kwawo, koma sindinawasiye. Musandifunse chifukwa, inenso sindidziwa. Masiku ena ndinkawapakulira chakudya ndikulakalaka chiwatsamwe. Masiku ena ndinkawaona pazenera atakhala m'galimoto yosaliza, manja ali pa chiwongolero, ndipo ndinkawamvera chisoni mpaka kulira.

Anadwala zaka zingapo pambuyo pake, mutu n'kuyamba kusokonekera. Tsiku lina kuchipatala anandigwira pamkono, pamene woimbira amagwira wopambana, n'kuyesa kukweza dzanja langa m'mwamba. Mphamvu zinawathera lili pakati.

"Vula, mwanawe," anatero. "Tiye tikadye."

Sindidziwa ankalankhula ndi uti mwa awiriwo.

Pamaliro awo tchalitchi chinadzaza amuna a makutu opindika, ena anachokera kutali kwambiri. Ankandigwira dzanja n'kumati a Orrin anali bambo wawo. Renae anabwera, anaimanso kumbuyo. Trent sanabwere.

Sanagwetsanenso chichokere tsiku lija, ndipo ku koleji sanapite. Amagulitsa matayala a mathirakitala ku Tilden Falls, ali ndi mkazi ndi ana aakazi awiri. Renae anandiuza kuti mpaka pano amati nkhalamba ija inamubera moyo wake. Ndinapitako kamodzi ndi keke ya maapozi. Anandilandira pakhomo mwaulemu, n'kunena kuti, "Mayi Tesdahl, ine agogo ndili nawo kale, a kwa Kolar." Keke ndinabwerera nayo. Sindimuda. Mawu amene ndinamunena m'khonde muja anawamva ndi makutu ake, ndipo madzi akatayika saoleka.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukufuna ndikuuzeni ngati ndinawakhululukira amuna anga. Ndayesa kuwaika pa sikelo kambirimbiri. Mbali ina pali Kirby ndi chitseko chotseka, ndi zaka zonse zimene ndikanabereka mdzukulu wanga kumbuyo. Mbali ina pali m'mawa umodzi umene sanatsokomole. Sikeloyo siikhazikika, ndipo ndikuona kuti ndidzafa isanakhazikike. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti ngati m'nyumba mwanu muli funso limene mwaliyankha nokha chifukwa mnzanu wakhala chete, musafulumire kukhulupirira yankho lanulo. Ine ndinasankha tchimo limene ndinkalidziwa dzina, ndipo ndinatukwana nalo magazi anga omwe.

Loweruka lililonse, msewu ukakhala wabwino, ndimayendetsa galimoto mpaka ku Tilden Falls. Pali kamalo kodyera pafupi ndi sitolo yake, kumene amabwera masana ndi ana ake. Ndimakhala pakona, ndimaitanitsa khofi. Amadziwa kuti ndilipo. Sandipatsa moni, koma sanauzepo munthu kuti andithamangitse. Wamng'ono mwa atsikanawo ali ndi chibwano chogawanika, ndipo nthawi zina amandisuzumira kuseri kwa mpando.

Trent ananenepa, mimba inatuluka, lamba amamanga pa bowo lomaliza. Amaitanitsa nyama ya nkhumba ndi mbatatesi, n'kuthira msuzi wambiri, akamaliza amapukuta mbale ndi buledi. Ine ndimangokhala, khofi n'kuzizira, kumuonerera akudya.

Amadya bwino, mdzukulu wanga. Sasiya kanthu m'mbale.